Mkangano pa Galaji ya ku Luwinga

Fumbani akuti msewu utalike,
mamita mazana anayi,
injini ipeze mpata wotsokomola, kenako iyimbe.
Gomezgani wapukutira girisi pa thalauza:
"Dula pakati, aise.
Anthu amalipira kuti aone,
osati kutong'ola maso m'chifunga cha Mzuzu
n'kumafunsana kuti wapambana ndani."

Sipanala yagwa. Palibe woitola.

Ine ndinali kumapeto tsiku lija,
dengu la nthochi pamutu.
Ndinamva kubangula chapatali,
nthaka ikunjenjemera kumapazi ndisanaone kanthu,
kenako vuu! ziwiri,
chitenje changa petupetu,
fungo la matayala opserera.
Masekondi khumi ndi awiri basi.

Sindinagulitse ngakhale imodzi.
Koma atandifunsa ine,
utalike ndithu.
Chimandikomera n'kudikirako.