Kadontho ka M'kaundula

Lipoti lanu lafika, mayi Evarista,
pa basi ya m'mawa yochokera ku Tete,
loyera ngati nsalu ya paguwa.
Ndaliwerenga nditakhalira katoni ya magolovesi.
Akuti mwa odwala zikwi zitatu
mankhwala atsopano a kuthamanga kwa magazi
anathandiza asanu ndi awiri pa khumi alionse.
M'munsi, m'tizilembo tonga nyerere:
"Gwero: mabuku a zipatala za m'chigawo."

Mzere umodzi basi.
Ine ndine dzanja lomwe lalemba limodzi la mabukuwo
kuno ku Domwe, zaka khumi ndi chimodzi,
ndiye ndiloleni ndiutalikitse mzerewo.

Lembani kuti mu Febuluwale denga linadontha.
Masamba khumi ndi asanu ndi atatu anamwa mvula,
inki n'kuyenda ngati madzi a m'ngalande.
Ndinawayanika pa waya kuseri kwa wodi.
Zowerengeka ndinakopera.
Zina ndinafunsa namwino Gaudensiya,
iye n'kusinzina diso: "Kaya ndi sikisi, kaya ndi ziro."
Tinasankha sikisi.

Lembani kuti makina opimira anatha mabatire
milungu isanu.
Mipata yoyera ija si anthu ochira ayi,
ndi mikono yomwe inapindidwa malaya pachabe.

Lembani za mnyamata wa ku migodi ya malasha.
Ku Moatize ndi Zacarias, kuno ndi Zakaliya,
munthu mmodzi, mtima umodzi,
koma m'kompyuta yanu wachira kawiri.

Nanga amayi a kachewere,
odutsa malire ndi matumba tsiku la msika?
Mapiritsi akawathera ku Lizulu amalandira konko.
Buku langa limati anasowa.
Sanasowe. Dzulo mmodzi wandigulitsa ndowa.

Ndipo bambo Alifineti Chidzanja,
amene sanaphonyepo tsiku,
woyamba pa benchi dzuwa lisanawombe phiri,
inu munawaika m'gulu la omwa mokhulupirika.
Pamaliro pawo mkazi wawo anandinong'oneza
kuti piritsi lililonse ankalidula ndi lumo,
theka iwo, theka mayi,
poti mayiwo miyendo sinkawafikitsa kuno.
Kulandira ndinakuona ndi maso.
Kumeza sindinakuonepo.

Sindikuti lipoti lanu ndi bodza.
Mwina mankhwalawo ndi abwinodi.
Mlongo wanga Felizarda akumwa omwewo,
n'chifukwa chake tulo tandithawa.
Ngakhale wogula nyemba pa msika wa Ulongwe
amaluma imodzi n'kufunsa:
za munda uti, za chaka chiti?

Tchulani chipatala ndi dzina lake.
Tchulani buku, chaka, ndi amene analikopera.
Nenani amene munawachotsa m'chiwerengero
ndi chimene anachotsedwera,
amene munawalumikiza poganiza kuti ndi mmodzi,
ndi miyezi imene munaidumpha mwakachetechete.
Dokotala wa ku Beira, kapena wa kutsidya kwa nyanja,
akamadzawoloka pa mlatho wa manambala anuwa
adziwe mtengo wofumbwa ndi uti,
apondepo mopepuka.
Bala lobisa silipola.

Ndilekeze apa, mzere wafika pa mtengo wa mapeyala.
Woyamba lero waiwala khadi.
Zaka zake sazidziwa,
akuti anabadwa anthu akubwerera kuchokera kothawa nkhondo,
chimanga chili m'maondo.
Ndalemba chaka chomwe ndaganiza,
pambali pake n'kuika kadontho.

Kadontho kameneko ndi kanga.
Ndimakaika paliponse pamene ndangopenekera.
Muli timadontho mazanamazana m'mabuku munajambula aja,
tonse munapita nato ku Tete.
Munandifunsa za magetsi, za msewu, za kumene mungagule madzi ozizira.
Za kadontho
palibe anafunsa.