Wowerenga Magalimoto pa Kameza

Anandipatsa mpando wapulasitiki, chipewa ndi fomu,
nati khala pano pa Kameza kusanache,
chamawilo chilichonse chikadutsa, ika kamzere.
Masiku ndi khumi. Malipiro udzaona ripoti likatuluka.

Fomuyo ili ndi mabokosi asanu ndi limodzi:
galimoto yaing'ono, minibasi, basi, lole, thanki ya mafuta,
ndi lomaliza, lopapatiza, analemba kuti njinga yamoto.

Dzuwa lisanakwere chala changa chachita thuza.
Minibasi za ku Lunzu zikutsokomola utsi wakuda,
kondakitala theka mkati theka kunja,
akuitanira anthu pa mpando umene kulibe.
Lole ya simenti yagwa m'dzenje la dzulo lomwe lija,
yabuula, yatuluka, dzenje lakula.
Ndaika kamzere.

Koma uyu ndimuike pati,
mkulu wa ku Lirangwe wokankha njinga yakapalasa,
matumba atatu a makala, thukuta mpaka m'zidendene?
Nanga mayi wadengu la tomato, mwana kumsana,
amene wadikira mphindi zisanu ndi zinayi kuti awoloke?
Ndinamuwerengera pa wotchi. Bokosi lake palibe.

Masana anabwera a Dokotala Makwinja,
botolo la madzi m'manja, maso ofiira ndi tulo.
Anati mwana wanga, thumba ndi limodzi, pakamwa ndi patatu.
Ena akufuna tifufuze phula losasungunuka ndi mvula ya Januwale,
ena akuti njanji, katundu wolemera achoke pamsewu,
ena akulota bwato lalikulu pa Shire litasenza shuga.
Opereka ndalama akufuna manambala pofika Lachisanu,
ndipo amene manambala ake anenepa ndiye adye.

Sindinawauze kuti bambo anga ankapaka girisi ku Limbe,
zaka makumi awiri pansi pa mabogi,
kuti ankamva ndi khutu gudumu lodwala sitima isanaime.
Iwo ankati chitsulo pa chitsulo sichidya mafuta ambiri.
Palibe anawafunsa, palibe analemba.
Madzulo sitima inalira kuseri kwa Chirimba,
ikukoka zimene malole makumi anayi akanalimbirana pano.
Ndinakweza cholembera, ndinachitsitsa.
Sitima sidutsa pa raundabauti.

Za pamadzi ndilibe mawu ambiri.
Ine madzi ndimawadziwa a Mudi, onyamula mabotolo ndi majumbo,
ndi aja anatsika phiri usiku chaka cha namondwe,
natenga mlatho wathu wamatabwa, natenganso mbuzi za a Namaona.
Amenewo sanadikire komiti.
Ngati alipo wofufuza mmene madzi angatinyamulire mwaulemu,
mpatseni ndalamayo, ine sindikana.

Tsiku lachinayi ndinatembenuza fomu.
Kumbuyo kunali koyera.
Ndinajambula bokosi langa ndi rula yobwereka kwa wogulitsa mayunitsi,
pamwamba ndinalemba: mapazi.
Ana a sukulu, kamzere kamzere kamzere.
Alonda obwerera kwawo ndi zibonga m'khwapa.
Namwino wonyamula nsapato zoyera m'jumbo kuopa matope.
Wamakala uja ndinamuikanso momwemo,
poti njinga yake ndi iye amainyamula.
Pofika kachisisira kumbuyo kunada bii,
kutsogolo kukadali mipata.

A Dokotala anayang'ana nthawi yaitali.
Anati izi sizinali mu bajeti.
Anakanda ndevu, anayang'ana msewu,
pomwe mtsikana wina ankathamanga pakati pa malole awiri.
Kenaka anapinda pepalalo kanayi,
osaliika mu fayilo ya opereka ndalama,
koma m'thumba la malaya, la kumanzere.
Sindikudziwa ngati kumeneko mapepala amamera
kapena amangochapidwa Loweruka.

Ya minibasi sanandipatse, ripoti silinatuluke.
Ndapinda mpando, ndausenza pamutu,
ndikutsata m'mbali mwa phula mmene mulibe njira,
magalasi a malole akundimenya m'maso.
Ndikafika ku Chirimba ndiyatsa kandulo,
nditenga fomu ya mawa, ndiitembenuza,
ndiyamba ndi kamzere kamodzi, kanga.