Kuseri kwa Lisiti ya Buledi

Alamu imalira faifi isanakwane
koma mutu wanga umakhala utadzuka kalekale,
ukuwerenga zovala za eni ake mumdima:
diresi la mkwatibwi wa ku Tembisa likusowa mabatani makumi atatu,
yunifomu ya mwana wa a Nasiyani yafupika mwendo umodzi,
suti ya maliro ikufunika mawa,
ndipo maliro sapepesedwa.

Ku Jeppestown, pamwamba pa shopu ya matayala,
muli kachipinda kanga ndi makina osokera.
Takisi imandilavula pakona dzuwa lisanasambe m'maso.
Foni pa tebulo imaphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi:
mwafika pati, asisi?
mwandiiwala kodi?
kumudzi denga layamba kudontha.
Aliyense ndinkamuyankha inde.
Inde wanga ndinkamugawa ngati madzi a pachitsime,
osasuzumira kuti pansi patsala matope okha.

Lachitatu lina singano inalowa m'chala.
Kadontho kofiira kanakhala pa nsalu yoyera ya mkwatibwi,
kakundiyang'ana.
Kenako magetsi, phethi.

Ndinatsika kukakhala pa masitepe, chala m'kamwa.
A Likisho, alonda a nyumbayi, a kwathu ku Ntcheu,
ankasenda lalanje ndi chikhadabo, osathamanga.
Anandipatsa theka.
Anati, mayi, magetsi a Joni ndi amwano,
koma amalengeza ola lawo lopuma.
Inu lanu munalengeza liti?

Ndinafuna kuwayankha kuti lendi sidziwa kupuma.
Ndinangomeza njere.

Usiku umenewo ndinapeza lisiti ya buledi m'thumba,
kuseri kwake ndinalemba zinthu zitatu.
Zitatu basi, kapepalako kanakana chachinayi.
Chachinayi chinagona panja ngati galu, chikulira,
koma kutacha chinali chamoyo.

Foni ndinaitsekera m'chitini cha mabatani
mpaka dzuwa litafika pamutu.
Inalira m'menemo, inatopa yokha.
Denga la kumudzi ndinalipatsa Lachisanu madzulo,
miyeso ya makasitomala ndinaipatsa m'mawa,
ola la mdima ndinadzisungira ine mwini.

Ayi woyamba anandiima pakhosi ngati munga wa nsomba.
Mayi wake anapinda nsalu yake mwaukali,
anapita kwa telala wa mu msewu wa Marshall,
marandi mazana anayi anatsika naye masitepe.
Ndinawamva akutsika, sitepe ndi sitepe.
Sindinawathamangire.
Ichi chakoma ichi chakoma, ndinadziwa kale mmene pusi anagwera.

Musandiyese katswiri.
Disembala akafika ndi maukwati ake
ndimagwabe chagada,
ndimapezeka ndikupeta mpendero pakati pa usiku,
tochi ili pakamwa, tiyi atazizira kawiri.
Masiku ena lisiti imasochera,
zitatu zija zimaswana kukhala khumi ndi ziwiri.
Ndimagula buledi wina.
Ndimayambanso.

Koma mwezi wa Okutobala uno
ndatsika takisi mtunda usanathe,
ndayenda wapansi mu Kensington popanda wondituma,
ndaona mitengo yonse itavala chibakuwa,
maluwa akuphulika pansi pa nsapato zanga.
Zaka zisanu ndi chimodzi mumzinda uno,
ndinkaganiza kuti Joni ndi wotuwa chaka chonse.

Mkwatibwi uja anavina, kadonthoko ndinakabisa ndi mkanda.
A Likisho amandifunsabe pageti: lero zingati?
Ndimakweza zala zitatu,
chimodzi chili ndi chipsera.

Lero kuseri kwa lisiti ndalemba:
makatani a ku tchalitchi,
zipi ya dalaivala,
ndipo pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono,
siketi yanga yobiriwira,
imene mpendero wake wagwiridwa ndi pini
kuyambira chaka chomwe ndinatsika basi ku Park Station.