Chala cha Twaibu

Uthenga wa mawu unandipeza ndikusoka kolala
pakhonde la sitolo ya Che Ajibu, pa M'baluku.
Ndinatsamiza foni ku mpukutu wa ulusi
kuti tonse timumve mng'ono wanga ali ku Joni.

"Achimwene, lero kuno akusankha pulezidenti.
Musaganize za mizere padzuwa, imeneyo inatha kale.
Anthu anavotera zipani n'kubwerera kwawo.
Lero alowa m'nyumba aphungu mazana anayi,
jaji wamkulu wakhala pampando,
wina aimirira n'kutchula dzina, wina avomereza.
Mayina akakhala awiri, aliyense kapepala kake mobisa,
n'kuwerenga pomwepo."
Kumbuyo kwa mawu ake makina ankalira ambirimbiri,
osati amodzi okhosomola ngati angawa.

Abiti Wadi, amene ankadikira diresi la chinkhoswe cha mphwake,
anaseka mpaka mpango unasendera.
"Ndiye kuti dziko lonse lakwatiwa kudzera kwa ankhoswe!
Mwini ukwati ali kuseri akutsuka mbale,
amalume pabwalo akugwirana chanza."

Sumani wa kabaza anatsitsa phazi limodzi pansi.
"Mazana anayi okha?
Amenewo wachuma angawadyetse mpunga tsiku limodzi.
Ife tilipo mamiliyoni, angatigule ndi chiyani?"

Sindinayankhe.
Ndinangokankhira ndi phazi pansi pa tebulo
mulu wa zidutswa zotsala chaka cha kampeni,
nsalu za mtundu uliwonse, nkhope zodukaduka,
pano diso, apo theka la kumwetulira.
Ndinasoka malaya a zipani zonse ine,
ndipo Sumani yemweyo anavala atatu.

Che Ajibu anayankhula osadzutsa mutu pa kabuku ka ngongole:
"Komatu amene wakweza munthu padenga
ndi amene wagwira makwerero.
Aphunguwo akatopa naye angathe kumutsitsa.
Ife tikaponya, timadikira zaka zisanu
ngati wobzala mango."
"Nanga aphunguwo amawatsitsa ndani?" anafunsa Abiti Wadi.
Lole ya matumba a usipa inadutsa kulowera kumlatho,
funso n'kupita ndi fumbi.

Ine ndinakumbuka tsiku langa.
Ndinafika pasukulu titangoswali m'bandakucha,
ndinaima kumbuyo kwa mayi wobereka mapasa
mpaka dzuwa linandiwotcha m'khosi.
Nkhope ndinaisankha ndekha, popanda nkhoswe.
Inki inakhala pachikhadabo milungu ingapo,
ikusendera kunsonga pang'onopang'ono,
mpaka ndinaiwenga ndi lumo
pamodzi ndi malonjezo ena.
Komabe inali yanga.

Foni inaliranso.
Ulendo uno Twaibu ankayankhula motsitsa,
ngati wabisala kuseri kwa mabelo.
"Akuwerengabe. Bwana akuti tisayendeyende
mpaka zidziwike kuti mphepo ilowera kuti
kwa ife obwera.
Mwa mazana anayi aja palibe amene akudziwa dzina langa,
koma usiku uno tulo tanga tili m'manja mwawo.
Kwathu munavota ine ndili kuno.
Kuno akuvota ine ndili wakwathu.
Chala changachi, achimwene,
chimangodziwa singano basi."

Pakhonde panakhala zii.
Sumani anayang'ana tcheni cha njinga yake
ngati chaduka kumene.
Abiti Wadi anakonza mpango.

Ndinadina batani kuti ndimuyankhe.
Ndinayamba za mavoti, ndinafufuta.
Ndinayamba zoti abwerere, ndinafufuta,
poti malata a nyumba ya amayi ku Namwera
anagulidwa ndi chala chomwecho.
Pomaliza ndinangoti, mvula kuno yachedwa,
mwana wako wayamba sitandade wanu,
yunifolomu yake ndi imene ili pamakinayi.

Kumzikiti anaitana swala ya masana.
Kolala inali itakhota mbali imodzi.
Ndinaisomola yonse
n'kuyambiranso.