Mzere wa Malo Asanu ndi Atatu

Ku Luwinga kwayamba kamvula kaja konga ufa,
kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa.
Ndili m'kashedi ka malata kuseri kwa thanki,
jekete mpaka m'makutu, laputopu pabondo,
kabolodi kobiriwira patebulo,
kochepa ngati bokosi la machesi.
Ndikukaphunzitsa kusunga mzere.

Sensa ya madzi ndi yolongolola,
imatumiza uthenga kakhumi pa sekondi:
thanki ili pakati, ili pakati,
ikadali pakati.
Ya magetsi imadandaula nyali zikangophethira.
Ya papampu imakhala duu mwezi wathunthu,
ilibe nkhani ndi munthu.

Sangwani, asanapite ku Karonga,
anasiya mzere wa malo makumi asanu ndi limodzi.
Ankati pasatayike mawu ngakhale amodzi,
wobwera koyamba aziloŵa koyamba.
Anali ndi mtima wabwino.
Lachisanu lapitalo pampu inati ndatentha,
uthenga wake n'kukaima pa nambala makumi anayi,
manja kumbuyo, mwaulemu,
kumvetsera anzake akubwereza kuti thanki ili pakati.
Pofika kutsogolo, mawaya anali atanunkha kale.
Masiku atatu amayi a ku Zolozolo
anakwera chitunda ndi zigubu pamutu.

Ndiye ndadula. Malo asanu ndi atatu basi.
Mzere ukadzaza, uthenga wakale wa madzi uzichoka,
poti za thanki ya dzana ndani akuzifuna.
Wodikira adikire mamilisekondi asanu,
ikakwana nthawi abwerere akanene kuti sizinatheke,
osati kuuma pakhomo ngati chitsa.
Ndipo wa papampu ndaupatsa chilolezo
chodutsa onse osapereka moni.
M'kabokosi aka yankho loona likachedwa
timaliwerenga ngati bodza.

Zala zachita dzanzi. Ndalakwitsa kadontho kamodzi,
ndasaka theka la ola,
mlonda Nyirongo akundiwalitsira tochi
n'kumafunsa ngati makinawa amamva Chitumbuka.

Foni yanjenjemera m'thumba.
Ndi ngongole ya mayunitsi, ndaitseka.
Koma pansi pake pali mauthenga atatu a bambo, ochokera ku Ntcheu,
Lachiwiri, Lachinayi, dzulo,
onse mawu amodzimodzi:
ukapeza mpata uyimbe.
Bambo salemba. Chaka chimatha ali duu.
Ine ndinawaika kumbuyo kwa abwana,
kumbuyo kwa eni nyumba, kwa gulu la kutchalitchi,
osawaikira n'komwe nthawi yodikira.

Ndabwereka laita ya Nyirongo,
ndayandikiza lawi pa sensa ya pampu.
Ndisanaphethire, swichi yati thee,
injini yazima,
padenga pangotsala kamvula kaja.
Kanyali kofiira kayaka monga ndinakauzira.

Ndasunga zonse, ndatseka laputopu.
Panja nkhungu yameza mapaini a kutsidya.
Netiweki ili ndi kamzere kamodzi,
ndakwera pamakwerero a thanki kuti ndipeze kachiwiri.
Ikuitana.
Ndikuwerenga, monga ndazolowera:
kamodzi, kawiri,
katatu.