Nkhope Yobiriwira

Yotamu Chulu ankalemba zikwangwani ku Kapata:
nkhuku zoikira, botolo la maheu,
mitu isanu ya pakhomo la wometa tsitsi.
Tsiku lina penti itatsala m'zitini
anauza bambo anga, "Khalani apo, musagwedere."
Iwo anakhala pa keliyala ya njinga yawo,
ija yonyamula anthu kuchokera ku Mchini,
thukuta lisanaume.

Chithunzi chitauma, bambo anafufuma.
"Ine wobiriwira ngati bilimankhwe?
Diso ili lakwera phiri la Kanjala,
linzake mwalisiya kudambo.
Nanga khosi lofiirali, ndapsa ndi moto wa yani?"
Sanalipire ngakhale ngwee.
Yotamu anapukuta bulashi pa buluku:
"Wa kamera ali pafupi ndi positi.
Ine ndajambula chimene chimapalasa njingayo."

Zaka khumi ndi chimodzi
thabwalo linayang'ana khoma kuseri kwa kabati,
mphemvu zikuswana pa chipumi chake.

Titaika maliro tinafuna nkhope yopachika.
Ya pa chitupa inali yosalala, yaulemu,
ya munthu amene sanakwerepo chitunda
ndi matumba awiri a feteleza.
Amayi anakankha kabati okha.
Atapukuta fumbi ndi chitenje anakhala pansi.
Diso lokweralo ndi lija lowerengera fizi usiku.
Lotsikalo ndi tulo timene sanagone.
Kubiriwirako ndi malungo a chaka cha njala
amene anapalasa nawo osauza munthu.

Mdzukulu wawo Tionenji, wa ku koleji ku Lusaka,
akuti zoterezi zili m'mabuku,
akuti ku Jeremani, nkhondo yaikulu isanabuke,
ena anatopa ndi nkhope zofanana ndi eni ake
nayamba kupinda mphuno, kuthira magazi m'mitambo,
kuti mtima uonekere kunja ngati chotupa.
Anatchula dzina lalitali la kajambulidweko.
Amalume a ku Katete anangoseka chamumtima:
"Kudambwe anadikira Mjeremani
kuti adziwe kukweza diso limodzi?"

Sindidziwa tsamba limene Yotamu angakhalepo.
Penti yake inali ya zitseko,
thabwa lake linali la bokosi la sopo.

Dzulo ndinapita ku Kapata ndi ndalama m'thumba.
Pamene panali zitini pali mtsikana wogulitsa mafoni.
Akuti mkuluyo anapita kwawo ku Chadiza,
maso anachita ng'ala.

Ndabwerera nayo ngongole ya bambo.
Pakhoma, diso lokwera lija
likundiwerengera.