Kaundula

Anandituma ndi buku ndi pensulo,
ine Twaibu, kalaliki wa pa boma,
kuti ndikawerenge katundu wa Mulungu.

Mikeka khumi ndi iwiri, itatu yodyedwa ndi chiswe.
Ketulo yosambira m'mapazi, yodontha.
Matabwa a ana, inki ya mwaye isanaume.
Ndinalemba zonse.
Bwana amati dzanja langa ndi lokongola.

Shehe Mkwanda sanandiyang'ane.
Anangoti, "Ulembenso mphepo yolowa pazenerapo,
nayo imagwada nafe."
Ndinawawerengera kalata ndi mawu obwereka:
kuyambira mwezi ukubwerawu
woyima kutsogolo Lachisanu
ayambe wadindidwa chidindo ku Zomba.
Makiyi ndinaika m'thumba.
Ankalira njira yonse ngati mbuzi yogulitsidwa.

Padoko ndinapeza Hovsep,
mzungu amene azungu samudyera pamodzi,
manja ali bii ndi girisi ya sitima.
Anamva kulira kwa thumba langa, naleka sipanala.

"Kwathu ku Armenia," anatero m'Chinyanja chake chothyoka,
"mfumu ya kutali inatumanso mlembi.
Anawerenga minda ya tchalitchi, mphero, sukulu,
mpaka makandulo.
Belu sanalitenge, ayi.
Anangotenga chingwe."

Ndinamufunsa ngati mlembiyo anali munthu woipa.
Anaseka, napukuta chala pa buluku.
"Anali ndi ana anayi.
Amayi anga anamupatsa madzi akumwa,
kenaka anaswa chikhocho."

Shire ankangopita,
atasenza namasupuni wake,
wopanda chiphaso.

Usiku ndinatsegula buku pa nyali ya koloboyi.
Mkeka wachisanu ndi chiwiri ndimaudziwa:
pali dzenje pomwe chipumi cha bambo anga
chinkagunda zaka makumi atatu.
M'kaundula ndinaulemba kuti "wakutha, mtengo wake palibe."

M'bandakucha, tambala asanaganize,
mawu a Shehe anakwera pamwamba pa mlambe,
opanda denga, opanda chidindo.
Anthu anayala zitenje pa mchenga
kunja kwa chitseko chomwe ndinakhoma ine.

Ndinagona chafufumimba,
makiyi ali pansi pa pilo, ozizira ngati chule.
Wotchi ya pa nsanja inagunda kasanu.
Pofika seveni ndinali pa ntchito,
kolala yowongoka,
ndikusongola pensulo.